Kukaonana ndi katswiri wa maganizo wolipira: zimene zimachitika chitseko chikatsekedwa

Mawu akuti therapy ali pakamwa pa anthu ambiri masiku ano. Wina akalemba pa Facebook kuti zinthu zamuthina, pansi pake sipalephera kupezeka womuuza kuti akaonane ndi akatswiri. Munthu akadzipha m'dera, wailesi imaitana odziwa ndipo uthenga umakhala womwewo: musasunge zinthu mumtima. Koma ndi ochepa amene amafotokoza zomwe zimachitika munthu akafikadi kumeneko. Kodi amakugoneka pabedi? Amakupatsa mapiritsi? Amakuuza kuti uthetse banja? Nanga n'kulipiriranji ndalama kuti munthu angokumvetsera, pomwe azakhali amamvetsera ulere?

Funso lomalizali sindikulipeputsa, chifukwa inenso ndinalifunsa. Tiyambire pomwepo.

Therapy n'chiyani

Psychotherapy, imene ambiri amangoti therapy, ndi chithandizo cha mavuto a m'maganizo ndi mumtima chimene chida chake chachikulu ndi kukambirana. Munthu amakumana ndi katswiri wophunzitsidwa ntchitoyi pa nthawi yoikika, kawirikawiri kamodzi pa sabata, kwa masabata kapena miyezi, ndipo awiriwo amagwirira ntchito limodzi pa vuto limene agwirizana: nkhawa yosatha, kukhumudwa kozika mizu, chisoni cha maliro chimene chakana kuphwa, mantha otsalira pambuyo pa ngozi kapena nkhanza, mowa, mikangano ya m'banja.

Chiyambi chake chili ku Vienna, m'dziko la Austria. Cha m'ma 1880, dokotala Josef Breuer ankathandiza mtsikana wina dzina lake Bertha Pappenheim, ndipo anaona kuti zizindikiro zina za matenda ake zinkachepa akafotokoza mwatsatanetsatane zimene zinkamuzunza. Mnzake wa Breuer, Sigmund Freud, anatenga ganizolo n'kumangapo njira yotchedwa psychoanalysis, momwe wodwala ankagona pa sofa n'kumalankhula chilichonse chobwera m'mutu, dokotala atakhala kumutu kwake posaoneka. Chithunzi cha sofa chija n'chimene chinakhazikika m'mafilimu. Lero akatswiri ambiri sachitanso choncho. Mumakhala pamipando iwiri moyang'anizana, ndipo kusinthaku kunalimbikitsidwa kwambiri ndi Carl Rogers wa ku America, amene kuyambira m'ma 1940 anaphunzitsa kuti wobwera kudzathandizidwa ndiye mwini nkhani, katswiri ndi woperekeza.

Ife uphungu tinali nawo kale. Ankhoswe amakhala pansi ndi banja likagwedezeka, anankungwi amalangiza, abusa ndi mashehe amayendera osweka mtima, ndipo ambiri tinalandirapo uphungu wa mphindi zochepa tisanayezetse magazi. Kusiyana kwake kuli apa: ankhoswe amakudziwani, amadziwa abale anu, ndipo ali ndi mbali, pakuti amafuna banja lipitirire. Amakuuzani mwambo ndi chochita. Katswiri wa therapy ndi mlendo amene sadzakhala nawo pa chinkhoswe cha mchemwali wanu, alibe chimene angapindule kapena kutaya pa chisankho chanu, ndipo anaphunzitsidwa kudziletsa kuti asakusankhireni. Kukhala kwake mlendoko ndiko mbali ina ya zimene mukulipira. Izi sizikutanthauza kuti iye aposa ankhoswe. Ntchito zawo n'zosiyana, ndipo anthu ambiri amapita konse kuwiri.

Fanizo loyandikira ndi la mlangizi wa zaulimi. Amabwera kumunda kwanu, amayang'ana nthaka, amafunsa zimene munabzala chaka chatha, amakuonetsani pamene madzi akukokolola. Koma khasu limakhala m'manja mwanu, ndipo iye akachoka munda umatsala ndi inu.

Ndani ndi ndani

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo mpake, chifukwa tonse timangowatchula kuti adokotala a maganizo.

Psychiatrist ndi dokotala weniweni wa zachipatala amene anawonjezera maphunziro a matenda a maganizo. Amapima, amatchula matenda, amalemba mankhwala. M'Malawi muno madokotala oterewa ndi owerengeka, ndipo ntchito yaikulu imagwiridwa ndi ma clinical officer ndi anamwino ophunzira za matendawa. Clinical psychologist anaphunzira za maganizo ndi khalidwe la munthu mpaka digiri yachiwiri kapena kupitirira, amachita therapy ndi kupima pogwiritsa ntchito mafunso okonzedwa, koma salemba mankhwala. Counsellor, wopereka uphungu, maphunziro ake amasiyanasiyana kwambiri: alipo a digiri, alipo a dipuloma, aliponso amene anangochita maphunziro a masabata ochepa.

Kwa zaka zambiri chithandizo cha matenda a maganizo kuno chinkatanthauza Zomba basi. Chipatala cha kumeneko chinayamba mu 1910 ngati kachigawo ka ndende, ndipo lamulo limene linayendetsa nkhanizi kwa zaka makumi ambiri, Mental Treatment Act, linalembedwa mu 1948, nthawi ya atsamunda. Mbiri imeneyi ndiyo inabala mantha akuti wokaonana ndi katswiri wa maganizo ndiye kuti wapenga. Pambuyo pake a St John of God anatsegula chipatala ku Mzuzu, kenako ku Lilongwe, ndipo koleji yawo ya ku Mzuzu imaphunzitsa opereka uphungu. Ena mwa ophunzira m'makoleji a kuno ndi kunja ndiwo atsegula maofesi awoawo m'mizinda, ena amagwira kudzera pa WhatsApp ndi Zoom.

Wolipira ali ndi ubwino wake: mumasankha nokha munthu, mumapangana nthawi, simuima pamzere, ndipo mumakumana ndi munthu yemweyo ulendo uliwonse. Koma udindo wofufuza ngati munthuyo alidi woyenera umagwera inu. Achibale athu a ku Britain adziwe kuti kumeneko mawu akuti therapist ndi counsellor satetezedwa ndi lamulo, aliyense akhoza kudzitcha choncho. N'chifukwa chake anthu amayang'ana ngati munthuyo ali m'kaundula wa mabungwe ngati BACP kapena UKCP, pomwe dzina lakuti clinical psychologist limatetezedwa ndipo mwini wake ayenera kulembetsedwa ku HCPC, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo. Ku South Africa ma psychologist amalembetsedwa ku bungwe lotere lotchedwa HPCSA. Kuno kwathu madokotala ndi ena ogwira ntchito zachipatala amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Kulikonse kumene muli, kufunsa kuti "munaphunzira kuti, munalembetsa kuti, ndipo vuto ngati langali munalithandizapo?" si mwano. Katswiri weniweni amayankha mosanyinyirika. Funsaninso ngati ali ndi womuyang'anira, chifukwa mwambo wa ntchitoyi ndi wakuti katswiri azikhala ndi mnzake wodziwa kwambiri amene amakambirana naye za ntchito yake.

Tsiku loyamba

Ine nditapita koyamba, ndinali nditakonza mawu m'minibasi njira yonse. Ofesi inali chipinda cha nyumba wamba, mipando iwiri yofewa, katebulo pakati, pamwamba pake kabokosi ka tishu ndi botolo la madzi. Wotchi inali pakhoma kumbuyo kwanga, pamalo poti katswiriyo, amene anali mayi, aziiona popanda kupotoloza khosi. Atandipatsa moni anafunsa kuti, "Chakubweretsani lero n'chiyani?" Mawu onse a m'minibasi aja anathawa. Ndinangoti mutu ukumandipweteka ndipo sindikugona. Sanandithamangitse. Anadikira, ndipo m'chete umenewo, umene unaoneka wautali kuposa mmene unalili, ndinapezeka ndikunena za maliro amene ndinkaganiza kuti ndinawaiwala.

Ambiri timayamba choncho, ndi thupi: mutu, mtima kuthamanga, kutentha m'mimba, kuganiza kwambiri. Si kulakwitsa. Katswiri wabwino amayambira pomwe mwayambirapo, ndipo akhoza kukupemphani kuti mukapimitsenso kuchipatala, chifukwa matenda ena a m'thupi, monga a chithokomiro kapena kuchepa kwa magazi, amabweretsa kufooka ndi kugunda kwa mtima kofanana ndi kwa nkhawa.

Kukumana koyamba kwenikweni ndi kofufuza. Katswiri amafunsa zambiri kuposa mmene adzafunsire mtsogolo: vuto linayamba liti, mumagona bwanji, mumadya bwanji, mumamwa mowa kapena kusuta, munakulira kuti ndi ndani, kubanja kwanu alipo amene anadwalapo maganizo, mukumwa mankhwala anji. Ena amapereka pepala la mafunso asanu ndi anayi lotchedwa PHQ-9, lofunsa mmene mwakhalira m'masabata awiri apitawa, ndipo lilipo la m'Chichewa. Funso lomaliza papepalapo ndi lokhudza maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza. Ambiri amadzidzimuka nalo. Limafunsidwa kwa aliyense, monga mmene namwino amayezera BP kwa aliyense wolowa, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti kufunsa funsoli sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu. Yankhani zoona.

Simukakamizidwa kukhuthula zonse tsiku limodzi. Mukhoza kunena kuti, "Ilipo nkhani ina koma lero sindingathe." Kulira kulibe mlandu, kusalira kulibenso mlandu.

Nthawi yake kawirikawiri ndi mphindi 50, ndipo ikakwana katswiri amatseka ngakhale nkhani ili pakati. Koyamba zimapweteka, zimaoneka ngati sakusamala. Koma malire a nthawiwo amathandiza: mumadziwa kuti zowawazo muzigwira kwa mphindi zowerengeka kenako muziika pansi, ndipo ola limenelo sabata yamawa ndi lanu ndithu.

Musanatuluke pakhale mgwirizano, wolembedwa kapena wapakamwa. Nkhanga zinapangana kusanache. Mtengo ndi wotani pa ulendo umodzi, ndipo mumalipira musanayambe kapena mutatha, pamanja, ku banki, pa Airtel Money kapena Mpamba? Mukalephera kubwera mumalipirabe? Akatswiri ambiri amafuna kudziwitsidwa kutatsala tsiku lathunthu, apo ayi ndalama ya ola lija imalipidwa. Kodi mungawaimbire foni pakati pa sabata zinthu zikavuta? Ngati muli pa MASM kapena inshulansi ina, funsani kumeneko musanayambe ngati amalipira chithandizo chotere, ndiponso maulendo angati. Ngati ndalama zanu zikukwana maulendo asanu okha, nenani tsiku loyamba lomwelo. Katswiri akadziwa, amakonza ntchito yolingana ndi maulendo asanuwo, kusiyana n'kuti mutsegule chilonda kenako muzimiririke chili chosamanga. Ena amatsitsa mtengo malinga ndi mapezedwe a munthu, koma sangatsitse osafunsidwa.

Chinsinsi ndi malire ake

Chinsinsi ndiye msana wa ntchito yonseyi. Zimene mwanena m'chipindamo siziyenera kufika kwa akazi anu, amuna anu, abwana anu kapena abusa popanda chilolezo chanu, ngakhale atakhala kuti iwowo ndi amene akulipira. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuno kwathu, kumene nthawi zambiri mchimwene wa ku Joni kapena kampani ndiyo imatulutsa ndalama. Wolipira akhoza kudziwa kuti munabwera, osati zimene munanena.

Koma chinsinsichi chili ndi malire, ndipo katswiri woona mtima amawatchula pachiyambi. Moyo wanu ukakhala pangozi yeniyeni, kapena moyo wa munthu wina, kapena pakamveka kuti mwana akuzunzidwa, kapena khoti likalamula, akhoza kuuza oyenera kudziwa. Mbiri ya malire amenewa imakhudza mlandu wina wa ku California. Mu 1969 mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ku Berkeley anauza psychologist wake kuti akufuna kupha mtsikana, ndipo patapita miyezi iwiri anaphadi Tatiana Tarasoff. Mtsikanayo ndi makolo ake sanachenjezedwe. Mu 1976 khoti lalikulu la California linagamula kuti katswiri ali ndi udindo woteteza munthu amene waopsezedwa. Chigamulocho ndi cha ku America, koma ganizo lake linalowa m'malamulo a ntchitoyi m'mayiko ambiri.

Dziwani kuti kungonena kuti nthawi zina mumalakalaka mutafa sikuchititsa kuti akutengereni ku Zomba. Maganizo otere ndi ofala pakati pa anthu okhumudwa, ndipo katswiri amakambirana nanu za mmene mungakhalire otetezeka. Amafuna thandizo la ena pokhapokha ngoziyo ikakhala pafupi.

Palinso kanthu kena kamene mabuku a kunja sakaganizira kwenikweni: mizinda yathu ndi yaing'ono. Mukhoza kukumana ndi katswiri wanu mumsika, pa ukwati, ngakhale kutchalitchi. Ambiri amadikira kuti inu muyambe kupereka moni, kuti amene muli naye asafunse kuti mumadziwana bwanji. Pangananitu. Ndipo ngati mukuchita pa foni, chinsinsi cha mbali yanu chili ndi inu: nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi ana ndi alendo si malo ake, ena amakakhala m'galimoto kapena amapempha ola limene pakhomo palibe anthu.

Njira zake si imodzi

Mudzamva mayina ambiri, koma atatu kapena anayi ndiwo ofala. Njira yotchedwa CBT (cognitive behavioural therapy) inachokera kwa Aaron Beck wa ku University of Pennsylvania m'ma 1960. Iye anaona kuti odwala ake okhumudwa anali ndi maganizo obwera okha mwaliwiro, monga "ndine wolephera", "palibe amene amandifuna", ndipo ankawakhulupirira osawafufuza. CBT imaphunzitsa munthu kugwira ganizo lotere, kulifunsa umboni ngati mlandu wa pabwalo la amfumu, ndiponso kusintha zochita pang'onopang'ono. Imakhala ndi ntchito yokachita kunyumba ndipo nthawi zambiri siipitirira maulendo 20. Njira ya psychodynamic, mdzukulu wa ntchito ya Freud, imayang'ana mmene zakale, makamaka za ubwana, zikubwererabe m'maubale a lero, ndipo imatenga nthawi yaitali. Njira ya Rogers imatsamira pa kumvetsera mozama popanda kuweruza.

Kufupi ndi kwathu kuno kuli chitsanzo cha Friendship Bench, chimene dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare cha mu 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kuthandiza anthu kuthetsa mavuto limodzilimodzi m'maulendo asanu ndi limodzi. Vutolo amalitchula m'Chishona kuti kufungisisa, kumene ndi kuganiza kwambiri kwathu komwe. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti anthu othandizidwa pa benchipo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Nkhaniyi imatikumbutsa kuti chimene chimachiritsa si mipando yofewa.

Akatswiri amatsutsana mpaka lero kuti njira iti iposa inzake. Pa mavuto ena, monga mantha a chinthu chimodzi kapena zotsalira za ngozi, pali njira zimene umboni wake ndi wolimba kwambiri. Pa ena ambiri kusiyana kwake kumapezeka kochepa.

Ubale wa awiriwo

Chimene ofufuza a mbali zonse amavomereza n'chakuti ubale wa katswiri ndi wothandizidwa umakhudza kwambiri zotsatira. Edward Bordin mu 1979 anaugawa patatu: kugwirizana kumene mukupita, kugwirizana zimene muzichita kuti mukafike, ndi kukhulupirirana. Chimodzi chikasowa, ngolo imayenda mopendama.

Ndiye chifukwa chake maulendo awiri kapena atatu oyamba ndi anu owunikira inunso. Kodi ndikumveka? Kodi ndikhoza kumutsutsa munthuyu? Kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu ndi dokotala satsutsidwa, izi n'zovuta, ndipo ambiri amangoti "inde, inde" kenako osabwereranso. Komatu kunena kuti "zimene munanena sabata yatha zinandipweteka" ndi mbali ya ntchitoyo, ndipo nthawi zambiri pamenepo m'pamene zinthu zimayamba kuyenda. Zikakanika ndithu, kusintha katswiri n'kololedwa, ndipo wabwino amakulozerani kwa mnzake.

Yembekezeraninso kuti masabata oyamba mukhoza kumva kuwawa kuposa kale. Chilonda chakale chikamatsukidwa chimanyerenyetsa. Mukhoza kutuluka muli otopa ngati mwalima, n'chifukwa chake si bwino kuika msonkhano wofunika ola lotsatira. Kupeza bwino sikubwera mowongoka: sabata ina mumagona tulo, ina mavuto amabwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha sikutanthauza kulipira miyezi osaona kanthu. N'koyenera kuima pakapita maulendo angapo n'kufunsana kuti tafika pati.

Pali zinthu zimene si therapy ngakhale pang'ono, ndipo apa palibe mbali ziwiri. Katswiri wokufunsirani chibwenzi, wokugwirani mosayenera, wobwereka ndalama kwa inu, wokuuzani nkhani za anthu ena amene amawathandiza, wokukakamizani kulowa kapena kusiya chipembedzo, kapena wolonjeza kuti muchira m'maulendo atatu, waphwanya malamulo a ntchito yake. Chokanipo, ndipo ngati analembetsa ku bungwe, kadandauleni kumeneko.

Za mankhwala, mwachidule: therapy ndi mankhwala si adani. Pa kukhumudwa kwakukulu katswiri akhoza kukutumizani kwa dokotala, amene angalembe mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, ndipo amenewa amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira. Munthu amene akumva mawu osaoneka owalankhula, amene wasokonezeka kwambiri, kapena amene wakonza kale njira yodziphera, asadikire tsiku la therapy. Apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya cha boma la kwanuko, kaya Queens, Zomba kapena St John of God.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi la chilankhulo. Akatswiri athu ambiri anaphunzira m'Chingerezi, ndipo ambiri opita kwa iwo amayamba m'Chingerezi chomwecho. Koma chisoni cha amayi ako unachimva m'chilankhulo chimene ankakuitanira. Ena amati Chingerezi chimawapatsa kamtunda kowathandiza kunena zochititsa manyazi, ena amati chimawabisa. Kodi mawu akuti kukhumudwa akunyamuladi zonse zimene madokotala amatanthauza akati depression, kapena amachepetsa matendawo kukhala ngati kukwiya kwa tsiku limodzi?

Lachiwiri ndi la munthu ndi abale ake. Therapy inakulira m'mayiko amene amaona munthu payekha ngati mwini moyo wake. Kuno timati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, ndipo akatswiri monga Pulofesa Chiwoza Bandawe akhala akulemba za mmene umunthu ungakhalire maziko a maphunziro a maganizo. Nanga katswiri achite chiyani ndi mayi amene akudwala chifukwa cha katundu wolera ana a abale asanu? Amuphunzitse kukana, kapena amuthandize kusenza? Ndipo wobwera akanena kuti vuto lake n'lolodzedwa kapena la mizimu, malire ali pati pakati pa kulemekeza chikhulupiriro chake ndi kumusiya m'mantha?

Lachitatu ndi la kuyang'anira. Maofesi a uphungu akuchuluka, ena ali pa intaneti ndipo katswiriyo ali kudziko lina. Zikalakwika, wodandaula apite kwa yani, ndipo malamulo a dziko liti ndiwo agwire ntchito?

Lomaliza ndi la ndalama. Ola limodzi kwa katswiri wolipira ndi ndalama imene mabanja ambiri sangaichotse pa chakudya, ndipo maofesiwa ali m'mizinda pomwe anthu ambiri ali kumudzi. Ena amati kukula kwa ntchito yolipira kumasunga akatswiri m'dziko muno m'malo moti athawire kunja, ndipo kumachotsa manyazi pa nkhani za maganizo. Ena amati kumakoka akatswiri ochepa omwewo kuchoka kuzipatala za boma kumene osauka amapita. Njira ya pa benchi ija yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malawi, ndipo funso lake ndi lakuti ndi mavuto ati amene agogo ophunzitsidwa angathe, ndi ati amene afunika munthu wa digiri, ndiponso ndani adzalipira agogowo.